Gawo Lotsiliza Amai Sanalionele

Amai anachoka ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ine ndili kumsana, ndipo sanabwelelenso. Chipwitikizi anachiphunzila kwa masisitele akali mtsikana. Koma kumudzi kwathu, cha ku Sandwe uko, akanalankhula ndi ndani? Nkhuku?

Mwana wanga wamkazi wa ku Lusaka ndiye anandiikila mufoni zoonela mafilimu, iye n'kumalipila mwezi ndi mwezi. Anandiuza kuti mafilimuwo sakhala mufoni ayi. Amakhala m'makina akutali, ndipo amabwela pang'onopang'ono ngati madzi a pampopi, netiweki ikakhalapo. Kumudzi netiweki kulibe, ndiye anandionetsa mokopela magawo ndili ku Petauke kuti ndizikaonela kulikonse.

M'menemo ndinapeza sewelo lina lalitali la Chipwitikizi, la mayi wofunafuna mwana wake amene anasowa ali wakhanda. Ndinawatengela amai, amene nthawiyo miyendo inali itayamba kutupa. Atangomva mawu oyamba anadzuka pamphasa. Ine sindimva ngakhale liwu limodzi, ndiye iwo ankandimasulila, n'kumathila ndi mchele wawo.

"Iwe, wamuona uyu wandevu? Akuti sadziwa kanthu. Bodza! Maso akewo ndi a mbala."

Chinakhala chizolowezi. Ndikagulitsa nyemba zanga pamsika, ndinkagula bando ya intaneti, kukopela magawo angapo, kukwela galimoto ya kanta, ulendo wa kumudzi. Tinkaonela masana pakhonde, foni itatsamila pachitini cha shuga.

Ulendo womaliza ndinanyamula magawo onse otsala. Amai ndinawapeza atafooka kwambili. Gawo limodzi tinkalionela modukizadukiza, chifukwa ankagona sewelo lili mkati. Mvula nayo inakula, msewu unaduka, magalimoto analeka kufika. Ndinangokhala komweko, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala. Iwo ankati, "Ndisafe ndisanaone ngati amupeza mwanayo." Ine ndinkati, "Aa, amai, zoyankhula zanji zimenezo?"

Tsiku lomwe tinafika pagawo lotsiliza, ndinakanikiza, foni n'kukana. Chithunzi chilipo, koma sewelo osatseguka. Ndinazimitsa, kuyatsanso, kupukuta ndi chitenje, ata! Ndinakwela pachulu cha kuseli kwa tchalitchi, dzanja m'mwamba ngati wolumbila, netiweki osabwela. Pambuyo pake m'pamene mwana wanga anandifotokozela kuti zokopelazo n'zobweleka. Eni ake amazikhoma ndi loko, ndipo foni ikakhalitsa osalankhula ndi makina awo, loko uja amadzitseka yekha. Sanandiuze poyamba chifukwa iye kwawoko netiweki siimusowa.

Nditatsika pachulupo amai anandifunsa, "Yakana?"

"Yakana, amai. Msewu ukatseguka ndikaikonzetsa."

"Chabwino. Mailo kukacha."

Anatembenukila kukhoma. Sanafunsenso za sewelo, ndipo msewu unatseguka titawaika kale m'manda.

Pamalilo sindinalile. Ndinaphika, ndinapeleka moni kwa anthu, ndinatsuka mbale. Azakhali ankandiyang'ana cham'mbali, koma ine m'kati munali zii, ngati mwendo umene waukhalila nthawi yaitali. Sindinamve chisoni, sindinamve mkwiyo. Ndinangotopa.

Pobwelela, kanta itayandikila Petauke, foni inanjenjemela m'chikwama. Inali itagwila netiweki, loko watseguka yekha, popanda wondipepesa. Pagalasi panali nkhope ya mayi uja, ndi mawu ondiitana kuti ndipitilize pomwe ndinalekela.

Nditafika kunyumba ndinakhala pamtondo n'kukanikiza. Mayi uja analowa m'nyumba ina, n'kuima pamaso pa mtsikana wamkulu ndithu. Anayankhula nthawi yaitali. Mtsikanayo anayankha, wandevu uja anabwela nayenso n'kuyankhula zake. Kaya anali mwana wake uja, kaya wina, kaya ankakhululukilana kapena ankatukwanizana, ine sindidziwa. Ndinapeza nditatembenuzila mutu kumanzele, kumene amai ankakhala, kudikila kuti andiuze.

Mwana wanga akuti pali kabatani kotulutsa mawu a Chingelezi pansi pa chithunzi, ndingathe kuwelenga ndekha. Amalipilabe mwezi ndi mwezi. Kabataniko ndinakaona pomwe kali, koma mpaka lelo sindinakakanikize.