Zenera la a Bester

A Bester tinkakhala nawo msewu umodzi ku Bradford, ku Mangalande, ndipo ntchito yawo inali yotseka timipata. Mu 2006 malamulo anakhwima akuti nyumba zatsopano zisamataye kutentha, ndiye zikatha kumangidwa anthu oyeza ankaika chifani chachikulu pakhomo n'kupopa mpweya kuti aone ngati ukuthawira penapake. Oyezawo asanafike, a Bester ankakhala chogwada, tepi m'thumba, akumata m'mbali mwa mapaipi ndi kuseri kwa masoketi. Ankanyowetsa kuseri kwa dzanja n'kuliyendetsa pakhoma. Pamene pazizira ndiye kuti pali mpata. Kutchalitchi tinkawaseka kuti munthu wamkulu anakwera ndege kudzamata nyumba za azungu. Iwo ankangomwetulira.

Koma nyumba yawo ya lendi inali yakalekale, mphepo inkalowa ngati m'khola. Akazi awo, Asimenye, atabwera kuchokera ku Karonga kotentha kuja, chifuwa chinawagwira osawasiya. Ankasamalira okalamba usiku, masana n'kumagona pa sofa pafupi ndi hita ya gasi, atavala majuzi awiri.

"Abambo, nyumba za eni mumazifunditsa," ankatero Asimenye akutsokomola. "Nanga ineyo?"

Mawuwa ankawalasa a Bester. Loweruka lina anabwera ndi zida zawo n'kumata mazenera, kunsi kwa chitseko, ngakhale njerwa ina yatimabowo imene inali m'munsi mwa khoma la pabalaza. Chifuwa chija chinayamba kuchepa, ndipo bamboyo ankayenda monyadira.

Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti mbaula sugona nayo m'nyumba yotseka. Koma mbaula ili ndi makala, umaimva ndi fungo. Hita ija moto wake unali waukhondo, wopanda utsi. Nyumba zatsopano zimakhala ndi njira zake zolowetsera mpweya wabwino, koma zimenezo ankaika ndi anthu ena. Palibe anawauza a Bester kuti njerwa ija ndi imene inkalowetsera hitayo mpweya, ndiponso kuti hita ikasowa mpweya imatulutsa poizoni wosanunkha. Zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Tsiku lina ataweruka, a Bester anapeza Asimenye ali pa sofa, nyumba ili yofunda bwino. Anawagwedeza, koma sanadzuke.

Thupi tinalitumiza ku Karonga. A Bester anabwerera kuntchito, poti akanapita kuti? Kumwetulira kuja kunatha. Akalowa m'nyumba iliyonse sankatulutsa tepi asanafunse kapitawo kuti, "Muno mpweya uzilowera pati?"

Mu Januwale ndinawapititsira chakudya. Ndinapeza zenera la pabalaza lili pululu, katani ikuuluka, iwo atakhala pa sofa paja ndi jekete la kuntchito. Ndinaika mbale pa tebulo n'kupita kuti ndikatseke.

"Lisiyeni, achemwali," anatero. "Chonde, lisiyeni."

Ndinakhala pansi osavula chikhoti changa, ndipo tinadya tikunjenjemera.