Ulusi Umene Ndinawapatsa Amayi

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira chipupa cha siwa mpaka khosi linauma. Amayi a kumpingo amene anachezera kuimba anali atatopa, mawu atasasa, ena akuwodzera chokhala. Pakati pa nyumba panagona amayi anga aakulu, mkulu wawo wa amayi ondibereka, amene anandilera kuyambira ndili wamng'ono. Kumutu kwawo kunali dengu lawo la ulusi, lovundikira ndi lichero. Palibe amene analisuntha, poti aliyense ankadziwa kuti dengulo ndinkaligwira ndine ndekha.

Nditatuluka panja ndinapeza moto wayaka kale m'malo atatu. Amayi ena ankasinja mapira kuseri kwa nkhokwe, ena akutsuka nsomba zouma zimene asodzi anabweretsa madzulo. Adzukulu anali atanyamuka ndi makasu kukadali mdima, kuthawa dzuwa. Inali nyengo ija mvula isanagwe, pamene kuno kuchigwa nthaka imawotcha mapazi ndipo ngakhale m'bandakucha mphepo imabwera yofunda. Utsi sunkakwera. Unangoyala pamwamba pa madenga.

Amayi aakuluwo ali mtsikana anagwirapo ntchito yochapa kwa dona wina ku Chiromo, masiku amene sitima zapamadzi zinkaima pamenepo. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kuluka lesi, nsalu yamasomaso ngati ukonde koma yokhala ndi maonekedwe a masamba. Donayo pochoka anawasiyira zingano ziwiri zachitsulo, zazitali, zoonda ngati udzu. M'midzi yonse ya kwathu ku Nyachikadza kunalibe wina wodziwa ntchito imeneyi.

Pa nkhani ya ulusi anali ovuta. Wa kusitolo ya Mmwenye ankati ndi wosalala koma umaterera pa singano. Ankakonda wa thonje la kwathu konkuno, wopota madoda akale aja ankaomba nsalu, ndipo ankausankha pouyendetsa pakati pa zala. Woonda ndi wopota molimba unali wa pakati pa nsalu, kuti maso atseguke bwino. Wonenepa unali wa m'mphepete. Mitundu sankalola kuti ipitirire iwiri pa nsalu imodzi. Woyera ankauphatikiza ndi wachikasu ikakhala ya khanda. Wofiira wa madzi a mlombwa ankayamba auviika m'madzi amchere, chifukwa ukapanda kutero umachucha n'kudetsa woyera. Wakuda tinkaupanga ndi makungwa, kenako n'kuukwirira m'matope a kudambo masiku atatu. Umenewu ankati ndi wongodulira mzere umodzi, osapitirira apo.

Maso awo atayamba kuchita khungu, manja sanaiwale. Ankaluka chimodzimodzi, akuwerenga ndi milomo, ine n'kukhala maso awo. Akati woyera, ndinkawapatsa woyera.

Dzuwa likutuluka anthu anayamba kufika. Madzi anali ataphwera, motero a kutsidya anasiya mabwato awo patali n'kudzera m'bango, matope mpaka m'mawondo. Ankafika m'magulumagulu, amayi akuyamba kulira akangoona denga lathu. Ena ankalira m'Chimang'anja, ena m'Chisena. Bambo wina wokalamba anabwera atasenza mtolo wa nkhuni, nautula, nakhala pansi. Amayi ambiri anabwera ndi ana ovala tizipewa toluka amayi aakuluwo, tina titasuluka, tina titaperekedwa kale kwa mwana wachitatu. Amuna anali ochepa. Nkhondo ya Azungu inali itatenga ambiri kukanyamula katundu, ntchito ija tinkaitcha tengatenga.

Mmodzi mwa otengedwawo anali Zuze, mwana yekhayo wa amayi, mlongo wanga. Anapita atatomera mtsikana wa m'mudzi woyandikana nafe, dzina lake Malita. Atangochoka, amayi anayamba kuluka nsalu yaikulu ya paphewa yoti Malita adzafunde tsiku la ukwati. Anati ikhale yoyera yokhayokha, yopanda ngakhale mzere.

Nsaluyo itafika theka, kunabwera munthu wina wobwerera ku tengatenga, woonda ngati bango. Anauza amalume kuti Zuze anadwala kamwazi m'njira, m'dziko la Apwitikizi, ndipo anamusiya pansi pa mtengo atatsirizika. Nthawi imeneyo amayi chifuwa chinali chitawagwira kale. Amalume anaitana abale kuseri kwa mudzi nalamula kuti wina asawauze, poti uthengawo ukanawapha tsiku lomwelo. Maliro a Zuze sitinalire. Malita ankalirira kumunda.

M'mawa mwake amayi anatambasula dzanja monga mwa masiku onse, nati ndiwapatse woyera. Woyera unalimo m'dengu, mipukutu itatu. Ine ndinatenga wakuda. Mpaka lero sindingathe kufotokoza bwino chimene chinandichititsa. Pakamwa amalume anali atanditseka, ndipo dzanja langa linakana kupereka ulusi wa ukwati kwa mayi wa munthu wakufa. Anaulandira, naulumikiza, napitiriza kuluka. Tsiku lotsatira ndinachita mantha kubwerera ku woyera, ndipo zinapitirira choncho miyezi itatu. Kukabwera alendo ndinkafulumira kupinda nsaluyo n'kuivundikira. Amene anaiona ndi Malita yekha, chifukwa amayi ankamuitana kuti amuyese. Ankagwada patsogolo pawo, iwo n'kumuyala nsaluyo paphewa, kuisalaza ndi manja, iye maso ali pa ine, misozi ikutsika popanda mawu.

Dzuwa litakwera pang'ono amayi osambitsa mtembo anatitulutsa, natsala okha. Atatha anandiitana. Mmodzi wa iwo anati malemu ananena asanamwalire kuti ntchito yawo yomaliza apite nayo, ndipo ndiitulutse. Ine mawu amenewo sindinawamvepo. Ndinayang'ana dengu lija. Ndinachotsa lichero, ndinatulutsa nsalu, ndipo amayi awiri anaigwira uku ndi uku kuitambasula pa kuwala kwa pakhomo.

Tonse tinaiyang'ana. Kuyambira pansi mpaka pakati inali yoyera mbee, masamba ake ooneka bwino. Kuchokera pamenepo inali yakuda bii, masamba omwewo, osaphonya ngakhale diso limodzi. Zingano zinali zikadali kumapeto.

Nkhani inafika kwa amalume pabwalo. Anabwera mpaka pakhomo, naiona, nanditengera pambali. Sanakweze mawu, poti panali anthu. Anandifunsa ngati ndinkaseweretsa munthu wosaona, ngati ndi mmene ndinabwezera kwa amene anandilera. Anati nsalu yotere siingalowe m'manda, chifukwa mlongo wawo akakafika kumene akupitako maso adzatseguka, adzaona chimene tinamuchita, ndipo sadzatigoneka tulo. Analamula kuti itenthedwe. Ndinangowerama. Mumtima ndinkaona kuti akunena zoona.

Pakhondepo panakhala mayi wina wachikulire wa Chisena, mnzawo wa amayi wa ku Chiromo, amene ankachapa naye limodzi kwa dona uja. Anali atafika dzulo lake. Anamva zonse, ndipo anapempha amalume mwaulemu kuti amulole alankhule. Anati mwezi wathawo anabwera kudzazonda matenda, tsiku limene ine ndinapita kukatunga madzi. Amayi anamuuza kuti avundukule dengu, anene mtundu wa ulusi umene unali pa singano. Iye anazengereza. Amayi anaseka pang'ono, nati asavutike, fungo la matope a kudambo analimva tsiku loyamba lomwe.

"Akhadziwa," anatero mayiyo, akuyang'ana ine. "Ankadziwa zonse, mwananga. Anandiuza kuti, mwana uyu sanandinamizepo pa ulusi. Ngati wandipatsa wakuda, ndiye kuti wakuda ndi umene ukuyenera."

Amalume anafunsa chifukwa chake malemuwo sanatifunse. Mayiyo anati naye anafunsa zomwezo, ndipo amayi anayankha kuti anthu akakubisira chinthu chifukwa chokukonda, nawenso umawabisira kuti wadziwa.

Ndili chiimire pamenepo ndinayamba kubwerera m'mbuyo m'maganizo. Kale amayi sankatha tsiku osatchula Zuze. Akamva bwato lagunda padooko ankandituma kukaona. Koma kuyambira m'mawa uja sanamutchulenso, ngakhale kamodzi. Miyezi itatu ndinagona nawo nyumba imodzi, ndikuwamwetsa phala, ndipo sindinazindikire. Ndinkangoti matenda awafooketsa. Usiku ndikamva akupuma mosweka ndinkati ndi chifuwa.

Amalume anakhala pansi pa dothi, munthu wamkulu, naphimba nkhope ndi manja. Patapita nthawi anati nsaluyo ipite ndi mwini wake.

Mkulu wa adzukulu anati chitsulo sichilowa m'manda, choncho zingano zichotsedwe. Ntchito imeneyo inagwera ine. Kumaliza mphepete sindinkadziwa, amayi anali asanandiphunzitse. Ndinasolola singano pang'onopang'ono, maso a ulusi n'kutsala ali yasa, ena n'kuyamba kumasuka. Malita anabwera, nagwada pafupi nane, nagwira ndi zala kuti asapitirire. Tinawafunditsa amayi tonse awiri, mbali yoyera kumiyendo, yakuda pachifuwa. Kenako anawakulunga mumphasa n'kumanga ndi luzi.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Mphunzitsi wa kumpingo anapemphera mwachidule pabwalo, thukuta likugwera pa buku lake. Onyamula chithatha anali madoda ndi anyamata osakhwima, ndipo ankasinthana pafupipafupi. Manda athu ali pamtunda, pamene madzi safika chaka cha chigumula, ndipo njira yake imadutsa m'minda ya thonje imene inali itazulidwa kale. Fumbi linkatilowa m'kamwa. Kumapiri a kumadzulo kunkagunda mabingu, koma mtambo sunasendere. Ana amene anatsala kumudzi anakwera pachulu kutiyang'ana.

Tili pakati pa njira amalume anaima. Anthu a kumbuyo anaima nawo, osadziwa chachitika. Anatembenuka, nanena mokweza kuti onse amve: "Lero tikuika awiri. Zuze, mwana wa mlongo wanga, anamwalira ku tengatenga. Ndine ndinakuletsani kulira. Lirani."

Panalibe amene sankadziwa, komabe kulira kumene kunabuka pamenepo sindinakumvenso kwina. Malita anagwa m'fumbi, anzake n'kumudzutsa. Amayi ena anayamba kutchula mayina a amuna awo ndi ana awo amene anapita osabwerako, amene sanamveke ngati ali moyo kapena ayi. Mayi wina amene sindinkamudziwa anandigwira mkono mwamphamvu, akuitana dzina la munthu wachilendo, mpaka tinafika kumanda asanandisiye.

Kumanda zinthu zinayenda msanga chifukwa cha kutentha. Adzukulu awiri anatsikira m'dzenje, nalandira mphasa, naigoneka. Dothi lake linali louma, lotuwa, ndipo pokwirira linkauluka. Mkulu wa adzukulu anatola mwala wosalala nauika pambali pa mtumbira, kudzanja lamanja. Tonse tinadziwa mwini wake.

Pobwerera ife akazi tinatsikira kumtsinje kukasamba, amuna kumtunda kwake. Anthu anadya pang'ono n'kuyamba kubalalika, a kutsidya akufulumira kuti awoloke ng'ona zisanayambe kuyenda. Mayi wa ku Chiromo uja anatsanzika nane pakhomo. Ndinamufunsa ngati amayi anali ndi mkwiyo pa ine. Anaganiza kanthawi, nati zimenezo sanamuuze.

Madzulo abale amene anatsala kudzagona pasiwa anayala mphasa panja, poti m'nyumba munali motentha. Ankalankhula motsitsa, ena atagona kale. Moto wophikira unali utazima, kwatsala phulusa ndi mafuwa. Ndinalowa ndekha. Pamene amayi ankakhala masana onse, pafupi ndi khomo, dothi linali losalala ndi lolowa pang'ono. Ndinakhala moyang'anana ndi malowo, monga ndinkakhalira. Udzudzu unali utayamba, ndipo kudambo achule ankalira mwa apo ndi apo.

Ndinakhala nthawi yaitali. Kenako ndinagwada bwinobwino, ndinaomba m'manja, ndipo ndinanena ndi pakamwa panga.

"Amayi, Zuze anamwalira."

Ndinadikira, mpaka mdima unadzaza m'nyumba.