Tsiku Limene Ankati Agogo Anga Agwa pa Ndege

Thyo! Phokoso limenelo ndimalimvabe mpaka lero, ngati munthu waponda phesi louma, ndipo musati ndikupeka, izi zinachitikadi pakhomo pathu cha ku Lifuwu, dzuwa lili paliwombo. Ine makolo anandisiya ndili wakhanda, anandilera ndi agogo, ndipo ndinakula wosayankhulayankhula, wongoyang'ana. N'chifukwa chake ndinali woyamba kuona kuti agogowo akufupika chaka ndi chaka, ngakhale iwo ankakana, ankati ndine amene ndikukweza dala chingwe choyanikapo zovala.

Tsikulo ankapeta mpunga, fumbi linawalowa m'mphuno, anayetsemula kamodzi kokha, n'kudzandira, n'kukhala pansi. Kukhala basi, sikuti anagwa mumtengo ayi. Koma kudzuka kunakanika, mwendo utatembenukira kunja, lichero lili pambali pawo.

Licherolo ndi limene linatiputira mavuto. Mayi ena oyandikana nafe, aja mawu awo amamveka mpaka ku chilumba cha Mbenji, ndi amene anafika koyamba. Anayang'ana agogo, anayang'ana lichero, n'kukuwa kuti ndege ya ufiti yagwa masanasana. Anati munthu sathyoka chifukwa choyetsemula, komanso aka kanali kachitatu, poti dzanja linali litathyokapo kawiri, ndiye kuti woyendetsayo sadziwa kutera. Bwalo linadzaza nthawi yomweyo. Wina anati mafuta awathera m'mwamba, ena anayamba kutola miyala n'kumati gogoyu asagonenso m'mudzi muno. Ndisaname, nanenso kwa kamphindi licherolo ndinaliyang'ana mokayikira. Nanga mukanakhala inu?

Ndinali bambo wandevu kale, koma chimene ndinakwanitsa n'kungoima pakati pa agogo ndi anthuwo. Anatipulumutsa ndi agogo omwewo. Ali chigonere, thukuta lili kamukamu, anafunsa kuti akanakhala ndi ndege bwenzi akupita wapansi kumunda wa mpunga zaka zonsezi, ndipo bwenzi akukhalabe ndi zitsiru zoterezi osapita ku Joni? Ena anaphulika n'kuseka, miyala inayamba kugwa m'manja mwawo umodziumodzi, ine n'kuthamanga kukaimitsa galimoto ya ogula nsomba. Agogo anakafika kuchipatala akununkha usipa, akutukwana dalaivala pa dzenje lililonse.

Maulendo awiri oyamba aja ankangowaika chikhakha, kuwapatsa panado, basi kazipitani. Ulendo uno tinapeza dokotala wina wachitsikana amene anafunsa kuti athyokapo kangati, komanso ngati akufupika. Ndinavomera ndine, agogo akunditong'olera maso. Atawajambula, anationetsa mafupa ooneka ngati thabwa lodyedwa ndi chiswe. Anati ndi matenda, mafupa amafooka mwakachetechete osapweteka, makamaka kwa amayi akasiya kusamba, ndipo mankhwala ake alipo, moti akanawayamba pa dzanja loyamba lija mwina chiuno chikanapulumuka. Anagona m'chipatala milungu ingapo, anatuluka ndi ndodo, mankhwala, ndi lamulo loti nsomba zing'onozing'ono azidya ndi minga yomwe.

Kumudzi nkhani inali isanathe. Ine, munthu wamanyazi uja, ndinayenda khomo ndi khomo ndi chithunzi cha mafupacho, kuchilozetsa kudzuwa n'kumafotokoza. Ena anamva, koma madala ena atachiyang'anitsitsa anati akuonamo mapiko. Mayi aja ndiye sankatipatsa ndi moni womwe.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti ambiri mwa agogo amene timawanena kuti ndi mfiti chifukwa chopindika msana ndi kuthyokathyoka, akungodwala. Ndiye wanu akathyoka pa kugwa kosadziwika bwino, musakhutire ndi chikhakha, funsani dokotala chifukwa chake fupalo lathyoka msanga chotero, ndipo musachoke asanakuyankheni.

Mwezi wathawu ndili kukonza njinga, ndinangoona mayi aja atayima patsogolo panga, mkono uli m'chikhakha. Ndinamva pambuyo pake kuti anapunthwa pa nkhuku. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona, koyamba chibadwire, kuti Lolemba ndikawaonetse dokotala uja anthu asanayambe zonenanena. Ndisanayankhe anandipanikiza m'manja kabuku kawo ka kuchipatala, n'kutembenuka, ulendo.