Amayi asakaniza mayeso a achimwene

Ndikupereka moni kwa nonse a pabanja.

Achimwene a Wongani ali ndi mayeso mawa ku loji ya ku Kande, kumene akufuna ntchito yogulitsa zakumwa. Ayenera kusiyanitsa mitundu itatu ya tekila, mowa woyera ngati madzi wochokera ku chomera chofanana ndi khonje. Anapatsidwa mtundu uliwonse pang'ono m'mabotolo atatu amadzi kuti aphunzirire kunyumba.

Masana ano amayi, posowa mabotolo a thobwa, athira zonsezo m'botolo limodzi. Akuti kusunga madzi otsala m'mabotolo atatu n'kuwononga.

Achimwene atafika anangokhala pansi. Abambo, amene ndi mkulu wa mpingo monga mukudziwa, ananunkhiza botololo n'kunena kuti, "Usadandaule mwana wanga, ameneyu ndi kachasu wamutu, kungoti anapita kusukulu."

Amayi anafunsa abambo modekha kuti, "Kachasu wamutuyo inu mwamudziwira kuti, Ada?"

Kufikira tsopano abambo akukonza ukonde umene sunang'ambike.

Ndikupempha maganizo anu: achimwene akaulule kwa abwana awo kuti awapatse wina, kapena angophunzitsidwa ndi abambo, poti zikuoneka kuti mphunzitsi tinali naye kale pakhomo?