Mfuti Imene Sindinaisinthe

Mfuti ndinaiyamba nditakula kale, ku Wakefield kuno kudziko la azungu, ndipo anandikokera ndi mnzanga wa kuntchito, mzungu wokalamba amene tinkakonzera limodzi makina a m'chipatala ku Leeds. Loweruka lina ananditengera ku kalabu yao ya owombera chandamale. Ndinkayembekezera phokoso ndi anthu aukali. Ndinapeza madala ovala majuzi, akumwa tiyi ndi kudandaula za maondo. Ndinagona chafufumimba, ndinawomba, ndinaphonya, koma mtima wanga unakhala phe kwa nthawi yoyamba chibwerere kuno. Basi, ndinakodwa.

Kuno mfuti sungangogula ngati khasu. Apolisi amafuna chiphaso, kabati yachitsulo yokhomerera kukhoma, ndi mboni ziwiri zokudziwa bwino, zoti zinene kuti mutu wako umayenda bwino. Mboni yoyamba anali mzungu uja. Yachiwiri sindinachite kuganiza kawiri: mkulu wa mpingo wathu, Mmalawi mnzanga, amene anandilandira ndili wophunzira wosadziwa ndi kokwerera basi komwe. Ndiwo anali ankhoswe paukwati wathu. Ndinkawatchula kuti bambo, ndipo sindinkachita mwamwambo chabe. Anasaina akuseka. "Bola musatiwombere nkhunda za eni ake," anatero.

Ndinagula kamfuti kakang'ono, kamene kamadzilowetsera kokha chipolopolo china ukangowomba. Zipolopolo zake zimayakira m'mphepete, ndipo zikaphulika, khoko lake lamkuwa ntchito yatha, ndi lotaya. Apa ndi pamene panandipweteka. Ine ndinakulira m'nyumba imene botolo la mafuta ophikira linkakhala la palafini, kenako la mbewu, ndipo likasweka tinkadula khosi kupanga fanulo. Ndiye ndizisesa mkuwa wonyezimira n'kukathira m'ndowa? Pamene madala ena, a mfuti za zipolopolo zoyakira pakati, ankatola makoko ao, n'kukawadzazanso onga kunyumba, n'kubwera nawo sabata inayo. Ndinkawachitira kaduka koopsa.

Tsiku lina ndinaona pa intaneti munthu wa ku Amerika atasintha kamfuti ngati kanga kuti kazidya zipolopolo zodzazanso. Ine ndine wokonza makina, zala zinayamba kuyabwa. Lamlungu lake, titaweruka kutchalitchi, ine ndi mkazi wanga tinakadya kwa bambo aja ku Salford, ndipo pakamwa panga sipanakhale chete. Ndinawafotokozera zonse, mpaka kujambula m'mwamba ndi foloko. Iwo ankagwedeza mutu.

"Luso muli nalo inu," anatero. "Onjezerani nyama, achimwene."

Pochoka anatipempherera, natiperekeza mpaka pagalimoto.

Loweruka lotsatira ndinafunsa dala wina wa ku kalabu amene ntchito yake inali yokonza mfuti. Anaika kapu pansi. Anati kuno mfuti yodzilowetsera yokha imaloledwa pa tizipolopolo tating'ono tomweto basi. Ukaisintha kuti izidya zoyakira pakati, wapanga mfuti yoletsedwa, ndipo ndende yake si yamasewera. Ndinathokoza, ndinasiya pomwepo. Ngakhale sikuluu imodzi sindinamasule.

Apolisi anafika Lachiwiri m'mawa, ndikupaka batala pabuledi. Anali aulemu, sindingawanamizire. Anati alandira lipoti lakuti ndikusintha mfuti, ndipo aitenga pamodzi ndi chiphaso mpaka atafufuza. Ndinatsegula kabati, mkazi wanga ataima pamasitepe atagwira pakamwa, aneba akusuzumira m'makatani. Chimene chinkandiopsa si kutaya mfuti ai. Kuno wakuda akangotchulidwa pamodzi ndi mfuti yoletsedwa, dzina lake latha, ndipo ntchito ya m'chipatala imapita nalo limodzi.

Poyamba ndinapsera mtima dala wokonza mfuti uja. Ndinati ndi mzunguyo, ndani winanso? Ndinamuimbira mawu ali m'mwamba. Iye anadabwa, ndipo mawa lake anapita yekha kupolisi kukanena kuti ndinafunsa, anandiletsa, ndipo ndinamvera. Ndiye ndinatsala ndi tebulo limodzi lokha pamene ndinalankhulapo nkhaniyi.

Sindinafune kukhulupirira. Ndinawaimbira bambo aja kuwauza za tsoka langa, ndipo anati, "Pepani kwambiri, tizipemphera." Mawu ali myaa. Koma Lamlungu ndinaona azimayi a ntchito yosamalira okalamba, amene masiku onse ankandiseka za mimba yanga, akundipatsa moni wa patali. Mmodzi wa ku Zambia, amene sadziwa kubisa mawu, anandikokera pambali. Anati pa mapemphero a Lachitatu bambo aja anapempha anthu kuti akumbukire m'bale wina amene akupanga mfuti yankhondo m'nyumba. Dzina sanatchule. Mumpingo monsemo wa mfuti ndinali ndekha.

Kwathu timati wakutsina khutu ndi mnansi. Mkulu akaona mwana akulowera kuphompho amamuitanira kuseri, n'kumukalipira mpaka makutu kuwawa. Akanandilalatira pa tebulo pomwe paja, pamaso pa mkazi wanga, ndikanapirira. Akananena kuti achotsa dzina lao pa umboni uja ngati sindisiya, ndikanagwada. Koma kundionjezera nyama! Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Kufufuza kunatenga miyezi. Kuntchito ndinakadziulula ndekha kwa abwana, ndipo anandisunga. Pamapeto pake apolisi anapeza mfuti ili monga inachokera kusitolo, nandibwezera zonse.

Ndinawadikira bambo aja panja pa tchalitchi, poimika magalimoto, kamvula kakuwaza. Ndinawapatsa moni wonse woyenera, chifukwa ngakhale utakwiya mkulu ndi mkulu.

"Bambo, munali inu?"

Sanakane. Anayang'ana makiyi m'manja mwao. "Achimwene, mumvetse. Siginecha yanga ili pamenepo. Chikanachitika chinthu, ma papers anga, ntchito yanga, ana anga... This country, mukuidziwa."

"Ndikuidziwa. Sindikudandaula za apolisi. Koma bwanji simunandifunse? Foni yanga muli nayo. Pakhomo panga mumalowa osagogoda."

Ndinkayembekezera kuti anena kuti anachita manyazi, kapena kuti anapupuluma, ndipo ndikanawakhululukira pomwepo, chifukwa ndinali nditatopa ndi kukwiya. Koma anabwerera m'mbuyo pang'ono, nagwira chitseko cha galimoto yao.

"Munthu wosunga mfuti," anatero motsitsa mawu, "sumadziwa kuti ayankha bwanji."

Ndinaima pamvulapo ndi Baibulo kukhwapa. Bambo amene anandiphunzitsa kumanga tayi, amene anakandifunsira mbeta, ankandiopa. Analowa m'galimoto, ndipo ndinamva akukhoma zitseko.