Dzanja Pakati pa Matayala

Matayala akuluakulu aja anali maganizo anga. Ndiyambe n'kuvomera zimenezo, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkaifotokoza nkhaniyi ngati kuti anachita kundikakamiza. Bodza. Ndinali munthu wamatama, wa mtima wapachala, ndipo ndinkagwira ntchito ya matayala pa galaja ina ku Umtali, kumene ana a lero mukuti ku Mutare. Inali nthawi ya Chitaganya.

Apongozi anga aamuna anali atapuma ntchito ya njanji ndipo ankabwerera kwawo ku Nyasalande. Kumudziko anachokako ndevu zisanamere, ankabwerera mutu uli mbuu. Akazi awo tinali titawaika kale m'manda a ku Sakubva. Chuma chimene ankanyadira sichinali suti kapena njinga, koma malata. Anawasonkhanitsa limodzilimodzi kwa zaka, n'kumawaimika kuseri kwa nyumba ya kanselo, ndipo Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankapita kukawasuzumira ngati mbuzi za m'khola.

"Ine ndikafere m'nyumba yosadontha, basi," ankatero.

Kuti malatawo akafike, anagula kalole kakale kwa mzungu wina wa pafamu, kamene kumbuyo kanali ndi mawilo awiriawiri mbali iliyonse. Woyendetsa anali mwana wa mlongo wawo. Paulendowo ankapitanso mkazi wanga ndi mwana wathu wa miyezi isanu ndi itatu, kukamuonetsa kwa eni mbumba. Ine tchuthi anandimana.

Nditakaona kaloleko ndinapukusa mutu pamaso pa anthu, kuti aliyense adziwe kuti mkamwini wa pakhomopo ndi mmisiri. Ndinati, "Bambo, mukadutsa pa chipata cha malire cha Forbes kulowa kwa Apwitikizi, msewu wa ku Tete ndi maenje okhaokha. Ndi timatayala iti, mimba ya galimoto ikakhula pansi. Ndisiyireni ine." Iwo anangoti, "Mukudziwa ndinu, akamwini."

Ndinapeza matayala anayi akuluakulu, ogwirapo kale ntchito koma abwino. Vuto la tayala lalikulu n'lakuti limakhalanso lonenepa. Ukaika awiri pamodzi amakhudzana, akakhudzana amakhulana, akakhulana amatentha, ndipo pophulika amaphulika onse awiri. Mankhwala ake ndi kambale kachitsulo kobowolabowola kamene tinkakatcha sipesa, kolowa pakati pa mawilo awiriwo kuti atalikirane. Koma sipesa sungangoikulitsa mmene wafunira. Ikanenepa kwambiri, bawuti imafupika, nati imangoluma nsonga, ndipo wilo limakusiya panjira. Ndinasulitsa zanga pa muyeso womaliza umene mabawuti akanalola.

Mkulu wina wa Chimanyika amene anandiphunzitsa ntchito anali ndi lamulo limodzi: galimoto itasenza katundu wake, dzanja lako lilowe pakati pa matayala awiriwo ndi kutuluka osakhula. Lachisanu masana tinakweza malata pansi penipeni, pamwamba pake mabokosi, mipando ndi njinga ya apongozi. Ndinagwada, ndinalowetsa dzanja. Linalowa bwinobwino. Ndinadzuka ndikudzisasa fumbi monyada, ndipo matayala akale aja ndinapatsa munthu wosoka nsapato za matayala pamsika, zimene kuno amati manyatera.

Ha! Ine mwana wa ku Nyasalande, ndinaiwala bwanji mitokoma?

Loweruka m'mawa dzuwa likungotuluka, anthu anayamba kufika. Wopita kumudzi sapita yekha, amanyamula za onse. Mayi wina wamasiye anabwera ndi mashini osokera atawakulunga m'bulangete, a mwana wake wamkazi. Bambo wina anakoka pulawo kuchokera kupulazi. Matumba a shuga, a mchere, bedi lachitsulo, chitseko ndi felemu yake, mapoto, njinga ziwiri. Ena sindinkawadziwa n'komwe, anangomva kuti pali galimoto ya kumudzi. Ambiri anali matchona, anthu amene ankadziwa mumtima kuti kwawo sadzapondakonso, ndipo phukusilo ndi limene likananena kwa abale kuti munthu wanu akadali moyo. Mtokoma sakana. Wokana mtokoma dzina lake limanunkha kuno ndi kumudzi komwe. Apongozi ankalandira chilichonse ndi manja awiri, n'kubwereza mudzi wake kuti asaiwale. Ndipo ndisabise, bulangete la mayi anga linali momwemo, ndinaponyamo ndekha.

Atamanga zingwe, anthu anayamba nyimbo yoti apemphere. Mkazi wanga anali atakhala kale kutsogolo, mwana ali pamiyendo. Ine ndinazungulira kumbuyo n'kugwada. Dzanja linakana. Ndinayesa chala chimodzi, chinakananso. Matayala anali atafutukuka pansipo ndi kulemera, atapsompsonana gwa. Mbali inayo chimodzimodzi. Ndinkadziwa zitunda za njira imeneyo ndi kutentha kwa ku Tete, ndipo ndinkadziwa mmene lole imagudubuzikira matayala akumbuyo akaphulika.

Mkamwini salankhula zotere pagulu. Amatuma. Ndinapita pawindo n'kumunong'oneza mkazi wanga.

"Ndiye mukufuna ndikawauze chiyani, bambo a mwana?" anandifunsa. "Kuti abweze anthu onsewa?"

Pemphero linatha, woyendetsa analiza injini. Apo mtima wanga uja unandithawa.

"Zimitsa! Galimoto iyi sichoka pano!" ndinakuwa. "Tsitsani zinthu zanuzi! Mukufuna mundiphere mwana chifukwa cha shuga? Sitima simukuidziwa?"

Ndinali nditatukwana anthu a misinkhu ya bambo anga, pakhomo pa apongozi, tsiku lotsazikana. Mayi wamasiye uja anayandikira galimoto mwakachetechete n'kuyamba kumasula chingwe cha mashini ake.

"Amayi, siyani," anatero apongozi. Anabwera kumbuyo, anagwada m'fumbi ndi suti yawo, anayesa dzanja lawo pamene ndinawalozera. Sanandiyang'ane.

"Akamwini, matayala akale aja ali kuti?"

Ndinati anadulidwa kale. Ndipo ndinkadziwa, iwonso ankadziwa, kuti timatayala tija tikanabuula ndi katunduyo koma mpata pakati pake unalipo. Anafunsa ngati sipesa ingakule. Ndinati mabawuti sangalole. Walira mvula walira matope, koma matopewo sanagwere ine.

Anaimirira. Anayang'ana mulu wa katunduwo, anayang'ana anthu, kenako anati, "Tsitsani zonse." Ndinkaganiza kuti aliyense atenga chake. Ayi ndithu. Titafika pansi anati, "Malata atuluke. Zinazo bwezeranimo." Mkazi wanga anafuula kuti, "Bambo!" koma iwo anangokweza dzanja. Tinawatulutsa awiriawiri, akulira m'manja mwathu, n'kuwabwezera kuseri kwa nyumba kumene anachokera. Palibe phukusi la munthu ngakhale limodzi limene linatsala. Ndinagwadanso. Dzanja linalowa.

Pokwera, apongozi anandigwira chanza. "Mwachita bwino kunena," anatero motsitsa mawu. "Koma mukanatha kunena ngati munthu. Malatawo musunge, mudzatumiza."

Anafika bwino. Matayala anga sanaphulike, mimba ya galimoto sinakhule pansi, mitokoma yonse inafika kwa eni ake. Mkazi wanga ndi mwana anabwera pa sitima atakolola. Malata ndinawasamutsira kwathu, ndipo mwezi uliwonse ndinkati ndituma mwezi wamawa. Koma malata si phukusi loti munthu apachike paphewa, ndipo amene akanandithandiza kupeza galimoto anali anthu omwe aja ndinawakalipira. Manyazi anandimanga miyendo. Ndinkawapewa ngakhale pakhomo la tchalitchi.

Dzinja lachiwiri kunabwera kalata. Apongozi anadwala chifuwa masabata atatu ndipo anatisiya. Wolemba kalatayo, posadziwa kanthu, anawonjeza kuti mvula inali yambiri chaka chimenecho, moti ankachita kuwasuntha ndi mphasa yomwe kuthawa podontha. Mkazi wanga anandipempha kuti ndiwerengenso mzere umenewo. Ndinawerenga. Zikanandikomera akanandilalatira.

Mpaka lero ndikadziyesa ndekha ndimapeza kuti galimoto ija ndikanaiimitsabe. Mwana uja ali ndi zidzukulu tsopano. Koma zimandiwawa, ndipo sizinasiye kundiwawa, kuti mtengo wa matama anga analipira ndi munthu amene sanalakwe kanthu.

Patapita zaka tinapeza malo ku Zimunya, kufupi ndi Mutare. Malata aja anali akadali abwino, ndipo kuwasiya kuti adye dzimbiri kukanakhala kulakwa kwachiwiri, choncho ndinafolera nyumba yathu. Sidontha ngakhale pamodzi. Mkazi wanga anakhala m'nyumbamo zaka zonse mpaka tsiku lake, koma mvula ikangoyamba kulira padenga, ankanyamula mphasa n'kupita kukakhala m'khitchini yaudzu. Sindinamufunsepo chifukwa chake.