Ubongo wa Amayi Papepala

Amayi anabwera ku Nairobi kudzandithandiza kulera mwana wanga woyamba. Tinkakhala ku South B. Asanazolowere n'komwe kuzizira kwa kumeneko, anagwa m'bafa, thovu lili kukamwa. Atatsitsimuka anadziweruza okha kuti ndi khunyu, ndipo kuyambira pamenepo anakana kubereka mdzukulu wawo.

"Ndikagwa naye, mudzati chiyani? Achipatala anene kaye."

Ankangomuyang'ana ali pamphasa, manja atawapinda kumbuyo. Zinkandiwawa, koma amayi anga akati ayi, ndi ayi.

Dokotala anati awayeze ubongo. Mayi woyezayo anawamata mawaya m'mutu monse, makina n'kumalemba mizere yokhotakhota papepala lalitali lopindapinda. Iye ankalankhula Chiswahili, amayi Chichewa, ndipo onse awiri ankakhulupirira kuti akumvana. Ine ndinkamvetsera ndili pakhomo.

"Pumua, mama! Pumua sana!"

Ankatanthauza kuti apume mpweya mwamphamvu. Amayi anamva kuti pumulani. Chikwatiwire anali asanauzidwepo mawu amenewo, choncho sanadikire kuuzidwa kachiwiri. Anagona mpaka kuliza mkonono.

Zotsatira zake sitinazione. Dokotala wowerenga mizereyo anali atapita kunja, ndipo pepala linalowa m'chipinda chosungira. Ndikapita kukafunsa ankandiuza kuti kesho. Ndinaphunzira kuti kesho ndi mawa, mawa lomwe lija la kwathu, losafika. Nthawi yawo yokhala m'dzikomo itatha, amayi anabwerera. Potsazika anangokhudza phazi la mwanayo ndi chala.

Panapita zaka. Tsiku lina ndili kuchipatala komweko pa zina, ndinamva kuti mapepala akale akufuna kuwatentha. Ndinachonderera mpaka wosunga mapepala ananditsegulira. Milu inafika kudenga, ubongo wa anthu a mzinda wonse, chiswe chikudya mosasankha wanzeru kapena wopusa. La amayi tinalipeza pansi penipeni, m'mbali mutanyowa. Pamwamba pake wina anali atalemba kalekale kuti sanapeze chizindikiro cha khunyu, komanso kuti wodwalayo anagona bwino.

Patchuthi ndinapita nalo kumudzi, pamodzi ndi mwana wanga uja. Amayi anali asanagwenso chichokere ku Nairobi. Ndinalitambasula pakhonde, likutalika kuposa mkeka, ndi kuwawerengera mawuwo m'Chichewa. Anayang'ana mizereyo nthawi yaitali.

"Zonsezi zinali m'mutu mwanga?"

"Inde, amayi."

"N'chifukwa chake ndimatopa."

Kenaka anadzuka, nakutumula chitenje, nawerama kutsogolo kwa mdzukulu wawo, amene tsopano anali wa sukulu, miyendo ngati misichi.

"Kwera, mwana wanga."

Mwanayo anandiyang'ana, nandifunsa m'Chiswahili kuti agogo akufuna chiyani. Amayi anakhalabe chiweramire, akudikira.